Muyambe Ndinu, Amayi

Highfields, Leicester
15 September 2024

Okondedwa Amayi,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu ndi wa mdzukulu wanu Keturah. Bondo lija likutani? Ine kuno ndili bwino, kungoti kwayamba kuzizira pamene kwanuko dzuwa likuyamba kuswa mtengo. Mwati pa foni ndimayankhula ngati ndikuthamangitsidwa, pomwe kalata mumaiwerenga kawiri katatu. Chabwino, ndizilemba papepala n'kujambula, inu muziwerenga pa foni yanu mutakhala phee.

Nkhani mwaimva kale kwa eni ake, koma ndikudziwa kuti apongozi anu a Fredrick, bambo a Keturah, akamayankhula ndi inu amangoyang'ana pansi n'kumadumpha zina. Ntchito yapezekadi. Ndi ya bungwe lina la zaumoyo, ku Congo, kufupi ndi mzinda wa Goma, kumene kuli misasa ya anthu othawa nkhondo. Akukajambula anthu m'chifuwa pofufuza TB, ntchito yomwe ija ankagwira ku Lilongwe pulojekiti isanathe. Awatenga chifukwa Chiswahili amachitha, paja anakulira kumalire ku Songwe. Akakhalako miyezi isanu ndi inayi.

Ine sindinavomere msanga. Koma ndikanati chiyani? Lamulo la kuno linasintha nditatsala pang'ono kunyamuka, ife osamalira okalamba sitiloledwanso kuitanitsa banja. Iwo akhala chaka chathunthu ali pakhomo, manja lende. Atandiimbira kundiuza za ntchitoyi mawu awo anali ngati a munthu wochira. Akuti nkhondo ili kutali kumapiri, mumzinda anthu akugulitsa malonda bwinobwino.

Keturah abwera naye kwanu ku Kampepuza Lachisanu, kalata yosinthira sukulu ili m'chikwama chake. Azigona nanu kuchipinda kwanu, sanazolowere kugona yekha. Mawu oti nkhondo asawamve. Mungomuuza kuti adadi ali ku ntchito kunja ngati amami.

Ndatumiza kangachepe. Mugule feteleza asanakwerenso, ndi nsapato za mwana, zokulirapo pang'ono.

Ntchito yanga ku Oadby ikuyenda. Okalambawo ena ndi olemera thupi, ndiye msana umadandaula, koma si nkhani.

Ndine mwana wanu,
Jestina


3 November 2024

Amayi,

Moni wa kuno. Ndikhulupirira mwadzuka bwino nonse. Ine ndilipo. Masiku ano 5 koloko isanakwane kunja kumakhala kutada kale, moti ndimapita ku ntchito kuli mdima n'kubwerako kuli mdima, ngati fuko.

Mwafunsa kuti munthu angajambule bwanji chifuwa mumsasa mopanda magetsi. Inenso ndinadabwa mpaka atanditumizira vidiyo. Amayi, makina aja mukuwadziwa inu, odzaza chipinda chonse, iwalani. Awa amalowa m'zikwama ziwiri zobereka kumsana. Bambo a Keturah amabereka chimodzi, mnzawo china, n'kumayenda pakati pa matenti pa miyala yakuda yakuthwa, akuti nsapato zimatha pa mwezi. Akafika amaimika kachitsulo, munthu amaima n'kukumbatira kabolodi, n'kupuma mokoka mpweya. Basi. Batire amatchaja ndi sola.

Chodabwitsa n'choti chithunzicho amawerenga ndi kompyuta. Akuti anaiphunzitsa poionetsa zithunzi za zifuwa zankhaninkhani, zodwala ndi zabwinobwino, mpaka inazolowera kusiyanitsa. Ndi zomwe akuti AI zija. Mphindi imodzi isanathe imapereka malikisi kuyambira 0 mpaka 100, monga munkachitira inu m'kalasi, kungoti apa wopeza 90 ndiye walephera. Amene malikisi ake akwera amamutenga makhololo kukayeza. Kumeneko dokotala wowerenga zithunzi kulibe, ndiye kompyutayo ndi imene ikuwathandiza kuona anthu oposa zana pa tsiku. Koma akuti ana aang'ono siwadziwa bwino, inaphunzira kwambiri pa zifuwa za akulu. Za ana amayang'ana okha ndi maso.

Ndinawafunsa kuti mfuti zimamveka? Anaseka n'kunena kuti, "Iwe, ndifunse ngati ndadya." Sindinafunsenso.

Mwati Keturah akutsokomola. Limenelo ndi fumbi la October, amatero chaka chilichonse. Mumugulire mankhwala amadzimadzi aja ku golosale, ndipo asamasewere kumsewu malole akamadutsa. Mvula ikagwa chitha.

Mbewu ya chimanga musatenge ya kwa mavenda. Ndipo inu musakalime nokha ndi bondo limenelo, pezani aganyu.

Mwana wanu,
Jestina


29 December 2024

Amayi anga,

Khirisimasi mwadya bwanji? Ine ndinaidyera ku ntchito. Ndinavala chipewa chapepala n'kumadyetsa agogo ena amene amanditchula dzina la mwana wawo amene anamwalira kalekale. Ndimangovomera.

Zikomo chifukwa cha chithunzi. Diresi yamukhala bwino, mtundu wake munasankha bwino. Koma Amayi, si ija ndinatumiza muyeso wake mu August? Bwanji ikuoneka ngati yobwereka? Mapewa aja. Mwina ndi mmene anaimira. Akudya? Mwati ku chipatala chaching'ono anamupatsa makapusozi a masiku asanu, chinaleka pang'ono n'kuyambiranso. Akamaliza enawa chikapanda kusintha mubwererenso, muwauze kuti papita miyezi iwiri. Muwauze ndithu nambala ya miyeziyo, musangoti "masiku apitawa" monga mumachitira posafuna kuvutitsa anthu.

Bambo ake sabwera pa tchuthi monga tinkayembekezera. Akuti anthu akuchuluka m'misasa, atsopano akufika tsiku ndi tsiku kuchokera kumapiri, ena atanyamula matiresi pamutu, ena mbuzi. Tenti imodzi anthu asanu ndi atatu, mmodzi akatsokomola onse apuma zomwezo. Anandiuza za mayi wina amene kompyuta inamupatsa 88. Atamuuza kuti ayenera kumwa mankhwala miyezi isanu ndi umodzi osadumphitsa, mayiyo anaseka. Akuti anati, "Bambo, chaka chino chokha ndathawa kanayi. Mundiuze kumene ndidzakhale mwezi wamawa, ine ndikuuzani ngati ndidzamwe." Iwo anangolemba dzina lake m'kope mwawo.

Pa foni paja ndinamva kugunda kumbuyo kwawo. Anati ndi mabingu, kuli mvula. Mwina inalidi mvula.

Ndinapempha tchuthi cha February kuti ndibwere. A manijala akuti antchito ndi ochepa, tione mu May. Munthu wa viza ngati yanga sakweza mawu. Zina ndidzakuuzani pamaso.

Denga la kukhitchini likudonthabe? Uzani a Chimbalanga akwerepo mvula isanalimbe.

Jestina


28 January 2025

Amayi,

Ndikudziwa kuti mwamva pa wailesi. Ndaona kuti mwandiimbira kasanu ndi kawiri. Pepani sindinayankhe, ndinaopa kuti ndikamva mawu anu ndigwa pansi pamaso pa anthu.

Zimene ndikudziwa ndi izi. Ndinayankhula ndi bambo a Keturah Loweruka masana. Anati bungwe latulutsa antchito ena kudzera ku Rwanda, iwo atsala ndi anzawo ochepa chifukwa makina akufunika ku chipatala, ovulala achuluka. Ndinakuwa. Ndinawauza mawu amene sindingalembe pano. Anati, "Jestina, batire ikutha, ndikuimbira mawa." Mawa lake ndi limeneli, lero ndi Lachiwiri. Zigawenga zalowa mumzinda, magetsi kulibe, madzi kulibe, netiweki kulibe. Ku ofesi ya bungwe akungoti tikuyesetsa, tikamva kanthu tikuuzani.

Nditamva kuti asilikali athu ena a ku Malawi afa komweko, mbale zinandipulumuka m'manja m'chipinda chodyera. Ndinaganiza kuti, ngati afa amene ali ndi mfuti, nanga munthu wobereka chikwama?

Ku ntchito ndikupitabe. Ndikakhala m'nyumba ndimangoyang'ana mavidiyo a kumeneko, kuimitsa chithunzi chilichonse kuti ndione nkhope za ogona pamsewu. Mayi wina woyandikana naye nyumba, dzina lake Hajra, anandipeza ndili chiimire podikirira basi, mabasi awiri atandidutsa. Ndi nesi, amagwira ku kiliniki ya TB mumzinda muno. Anandilanda foni n'kuiika m'thumba langa, madzulo anandibweretsera mpunga. Sitipemphera kofanana, koma wati akutchula dzina la bambo a Keturah m'mapemphero ake.

Wailesi muzitsekula Keturah ali ku sukulu. Akafunsa, netiweki yavuta. Abale awo ku Karonga ndawauza ndekha, musavutike. Amayi a Mvano apemphere, koma asabwere gulu pakhomo ngati pali maliro. Palibe maliro.

Za chifuwa cha mwana mwalemba zija ndaona. Tikambirana, panopa mutu sukugwira.

J.


13 February 2025

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji? Ine tsopano ndikugona, ndikudya. Monga ndinakuuzani pa foni tsiku lija tonse tinkangolira osamvana, bambo a Keturah ali moyo, alibe bala. Masiku asanu ndi limodzi anakhala mukhonde la chipatala, akugona pansi pambali pa makina awo. Makina ofufuzira TB aja anasanduka ofufuzira zipolopolo. Akuti kompyuta inkaperekabe malikisi ake a TB pa chifuwa cha munthu wolasidwa, iwo osayang'anako n'komwe.

Koma kubwera akukana. Olamulira atsopano auza anthu kuti achoke m'misasa abwerere kumidzi kwawo, ndiye matenti akuphwasulidwa. M'kope mwawo muli mayina 143 a anthu amene anawapeza ndi TB n'kuyamba mankhwala. Onsewo akubalalika, ena atsala ndi mapilisi a sabata imodzi. Iwo akuyenda ndi kopelo pakati pa anthu osamuka, kuitana mayina, kuti aliyense amupatse mankhwala opita nawo ndi kakalata. Apeza 50 okha. Ndinati bwerani. Anati, "Ndinawauza ndine kuti akasiyira panjira matenda abwerera olimba. Ndithawe ndine woyamba?" Ndinadula foni.

Tsopano za Keturah. Ndachita manyazi, Amayi. Ndakhala ndikuyang'ana ku Congo miyezi yonseyi. Nyimbo ija munamujambula akundiimbira ndinamvetsera ndili ndi Hajra. Mwana sanathe ndime imodzi osatsokomola. Hajra anafunsa kuti chayamba liti, nditawerenga pa zala ndinapeza miyezi inayi. Ine amene ndinagwirapo ntchito m'wodi.

Mverani bwino. Bambo ake ali ndi mnzawo amene anaphunzira naye, a Absalom Kaunjika, amene amayenda ndi galimoto ya chipatala yokhala ndi makina onga omwe aja. Abwera pa msika wa kwanuko tsiku la msika likudzali. Ndayankhula nawo, akukuyembekezerani. Mwana asapite ku sukulu tsiku limenelo. Mupite m'mawa mzere usanatalike.

Chinthu chimodzi ndikupempheni. Keturah ndi wamantha, mukumudziwa, akaona makina adzalira. Muyambe ndinu. Muime pa kabolodi paja, mupume monga akuuzireni, iye aone kuti sizipweteka. Musakane, Amayi, n'kamphindi chabe. Chitirani mwanayo.

Mwana wanu,
Jestina


23 February 2025

Amayi,

Ndikufunsa za moyo wanu ngakhale simukundiyankha. Masiku anayi tsopano. Foni ikuitana, ndikudziwa kuti mukuiona.

A Absalom anandiuza zonse. Kompyuta inakupatsani 91, ndipo makhololo atsimikiza. Chithunzi cha Keturah anatumiza kwa bambo ake. Iwo anachitsekula pa foni ali pamsewu, kope lija lili kukhwapa. Anandiimbira, ine ndikumva njinga zamoto zikudutsa kumbuyo kwawo. Anati, "Zifuwa zikwi zisanu ndi chimodzi ndaona kuno. Ichi chokha ndi chimene sindinachione." Mwananso ali ndi TB. Kope asiyira mnzawo wa komweko. Anyamuka Lachitatu.

Mwakwiya chifukwa mwazindikira kuti ndinakupusitsani. N'zoona, sindikana. Keturah saopa makina, ndi mwana wa bambo ake, akanatha kukanikiza yekha batani. Tsiku lija tinkamvetsera nyimbo, Hajra anaibwereza kachiwiri n'kundiuza kuti nditchere khutu kumbuyo kwa mawu a mwana. Kunali chifuwa china, chakuya, cha munthu amene akuyesa kuchitsekera m'nsalu. Anandifunsa kuti, "Mwanayu amagona ndi ndani?" Anati mwana wa msinkhu uwu kawirikawiri amatengera kwa wamkulu wa m'nyumba momwemo. Ndipo amene anati azigona nanu ndine, ndinalemba ndi dzanja langali.

Ndikanakufunsani mwachindunji mukanati chiyani? Mukanati ndi chimfine, ndi utsi wa kukhitchini, ndisamale za amuna anga. Ndimakudziwani. Munapirira dzino chaka chathunthu osauza munthu.

Ndikudziwanso chimene mukuopa. Kwathuko munthu akaonda n'kumatsokomola anthu satchula TB yokha, amanong'onezana zinanso, ndipo inu ndinu mayi wamasiye, aphunzitsi opuma, a Mvano. Ku chipatala akuyezani magazi monga amachitira ndi aliyense wa TB. Lolani. Chilichonse chimene apeze chili ndi mankhwala ake, ndipo ine ndidzakhalabe mwana wanu. Olankhula alankhule, pakamwa ndi pawo.

Mankhwala ndi aulere. Muzimwa m'mawa musanadye, tsiku lililonse, inu ndi mwana. Mkodzo ukafiira musadabwe, ndi mmene amachitira. Mawindo azikhala otsekula. Ndatumiza ya mazira, mkaka ndi usipa, ndipo imeneyi si ya feteleza wachiwiri, ndi yodya inuyo.

Ngati simukufuna kuyankhula nane, mupatseni foni Keturah andiuze kuti mwamwa.

Ndine mwana wanu ndithu,
Jestina


16 March 2025

Amayi anga okondedwa,

Kalata yanu ndailandira, masamba onse atatu. Ndinaiwerengera m'basi, mpaka ndinapitirira potsikira. Ndasangalala kumva kuti thukuta la pogona lasiya, ndiponso kuti magazi anapezeka bwino. Keturah akuti wawonjezera kilo imodzi, anandiuza monyada ngati wapambana mayeso.

Bambo ake akuti munawalandira mutaima patali, mutatseka pakamwa ndi chitenje, n'kugwada pa fumbi kuwapepesa. Amayi, anthu aja anayenda masiku asanu, Rwanda, Tanzania, mpaka pa Songwe, ndipo akuti pa ulendo wonsewo palibe chinawapweteka ngati kuona apongozi awo atawagwadira. Musadzachitenso. Matendawa amayenda mumpweya, sasankha kuti uyu ndi wosamala, uyu ayi.

Mwapempha kuti mwana apite ku Karonga kwa azakhali ake chifukwa inu mwalephera kumusamala. Ayi. Takambirana ndipo tonse takana. Mwamwa mankhwala pafupifupi mwezi, ku chipatala anena kuti kuopsa kopatsirana kwachepa kwambiri. Za kudyera panokha kuseri kwa nyumba ndi mbale yanuyanu zithe lero. Keturah akuti amakusungirani malo pamphasa inu osabwera, ndipo akuganiza kuti wakulakwirani. Ku Mvano mubwerere akakulolani a chipatala. Wofunsa mumuuze kuti ndi TB, ikuchizidwa, ndipo nayenso akatsokomola masabata awiri akaime pa kabolodi.

Bambo a Keturah akhala nanu mpaka Isitala. Mukaona akudzidzimuka chitseko chikamenyeka, musafunse. Mnzawo uja akumawatumizira uthenga, akuti mayina opezeka afika 71. Mayi wothawa kanayi uja sanapezeke. Akufuna kudzabwererako. Sindinavomere, sindinakanenso. Nkhaniyo ikadali pamoto.

Chotsala ndi ichi. Mwalemba kuti chifuwa chinakuyambani chaka chatha, masiku aja ndinadzakhala kwanu mwezi wathunthu ndikudikira viza. Nditamuuza Hajra, anandilembetsa ku kiliniki kwawo. Anandijambula, chifuwa chili bwino. Koma magazi aonetsa kuti kachilomboko kali m'thupi, kakugona. Sindikudwala, sindingapatsire munthu, ntchito ndikugwira. Akuti tikaphe kasanadzuke, ndiye andipatsa mapilisi a miyezi itatu. Ndayamba Lachinayi. Ndinaganiza zokubisirani, kenako ndinaona kuti kubisa kwatikwana m'banja muno. Musayambe kulira n'kumati ndi inu. Palibe akudziwa kumene kanachokera, ine ndagwira ntchito m'mawodi zaka zisanu ndi zitatu.

Ndiye tichite chonchi. Inu mumamwa 7 koloko, mwana asanapite ku sukulu. Kuno imakhala 5, nthawi imene ndimadzuka kukonzekera shifiti. Mawa ndiimba pa vidiyo. Mukhale pakhonde nonse awiri, mphasa imodzi, aliyense kapu yake ya madzi m'manja. Ine ndikhala ndi yanga. Keturah awerenge mpaka katatu.

Muyankhe foniyo, Amayi.

Ndine mwana wanu,
Jestina